Chithunzi cha tsiku limodzi: kodi tili ndi ufulu wochisunga?

Tisanayambe kukambirana, aliyense amene ali ndi foni akumbukire zimene zili mmene amasungira zithunzi. Ambiri mwa ife tikatsegulamo tipeza zithunzi ndi makanema amene sitinajambule tokha: mwana wa mnzathu akuphunzira kuyenda, azakhali akuvina pachinkhoswe, mnzathu wakuntchito ali chigonere m'chipatala. Zina anatitumizira eni ake. Koma zina tinangozitola pa status, eni akewo osadziwa. Funso lathu lero ndi ili: munthu akationetsa chithunzi chimene iye akuyembekeza kuti mawa chizimiririka, kodi ife tili ndi ufulu wochisunga?

Tiyambe ndi mmene zinthuzi zimayendera. Snapchat inayamba mu 2011 ndi zithunzi zimene zimafufutika zokha munthu akangoziona. Mu 2016 Instagram inayambitsa Stories, ndipo mu 2017 WhatsApp inabweretsa status imene tikuidziwa lero, yokhala maola 24 okha. Mu 2021 WhatsApp inawonjezera njira yotumizira chithunzi choti munthu achione kamodzi kokha. Komabe kuzimiririka kumeneku n'kosadalirika. Pa mafoni a Android, status imene taonera imakhala italowa kale m'foni mwathu, pamalo obisika, mpaka nthawi yake itakwana. Mapulogalamu osungira status amangokopera pamenepo n'kuika poyera. Ena amatenga screenshot, ena amajambula ndi foni yachiwiri. WhatsApp imamuonetsa mwini status mayina a anthu amene aiona, koma simuuza amene aisunga. Choncho munthu amagona akuganiza kuti chithunzi chake chapita, pamene chili m'mafoni a anthu amene iye sakuwaganizira n'komwe.

Yankho limene ambiri timafulumira kupereka ndi lakuti, "Anaika yekha poyera. Akanafuna chinsinsi sakanaika." Yankho ili likumveka, koma tiliyese bwino. Mnansi wathu akatibwereka khasu kuti tilimire lero, sitinganene kuti popeza watipatsa ndi manja ake, khasulo ndi lathu mpaka kale. Anapereka inde, koma anaika malire. Amene waika chithunzi pa status waikanso malire awiri. Loyamba ndi nthawi: tsiku limodzi. Lachiwiri ndi anthu, pakuti WhatsApp imalola munthu kusankha amene aone ndi amene asaone. Tikasunga chithunzicho osapempha, tadumpha malire oyamba. Tikachitumiza kwa wina, tadumpha achiwiri.

Wina anganene kuti khasu ndi chithunzi n'zosiyana. Tikakana kubweza khasu, mwini wake alibe cholimira, koma tikakopera chithunzi, mwini wake akadali nacho chake. Ndiye tamulanda chiyani? Tamulanda mphamvu yosankha. Dzulo ndi iye amene amanena kuti chithunzichi achione ndani ndipo mpaka liti. Lero mphamvu imeneyo ili m'manja mwathu, iye osadziwa. Chinthu cholandidwa mwakachetechete chotere sichioneka ndi maso, n'chifukwa chake chikumbumtima chathu sichititsutsa msanga.

Tiyerekeze mayi wina amene wakangana ndi mwamuna wake usiku. Mtima uli m'mwamba, akujambula kanema akulira, akunena mawu owawa, n'kuika pa status. Kutacha mtima wakhala pansi, wachita manyazi, waifufuta. Ankhoswe abwera, nkhani yakambidwa, banja layanjananso. Koma usiku uja mmodzi mwa anzake anasunga kanemayo. Sanali ndi cholinga choipa, amangofuna kuonetsa mchemwali wake. Patapita miyezi itatu kanema uja akuzungulira m'magulu a WhatsApp a m'deralo, apongozi amuona, ndipo mwana wa mayiyo akusekedwa naye kusukulu. Mwamuna ndi mkazi anakhululukirana kale, koma mafoni a anthu ena sanakhululuke.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kale mawu oyankhulidwa mu ukali ankamveka kwa amene alipo, kenako ankaiwalika pang'onopang'ono. Kuiwala kumeneko kunali chifundo. Kunkapatsa munthu mpata wosintha, woti mawa akhale wabwino kuposa lero popanda wina kumuonetsa nkhope yake ya dzulo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo status nayo inapangidwa kuti ikhale ngati mame, dzuwa likakwera ikamuke. Tikasunga mphindi yoipitsitsa ya mnzathu, timamumangirira pa mphindi imeneyo. Kodi ife tingakonde kukumbukiridwa ndi tsiku limene tinalephera kuugwira mtima? Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'maphunziro athu takambirana kangapo za miseche. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh analetsa miseche m'ndime imodzimodzi imene analetsa kupha munthu ndi chigololo, kusonyeza kulemera kwa nkhaniyi. Tinaonanso kuti miseche sikhala yabodza nthawi zonse: kuulutsa zolakwa za munthu iye kulibe ndi miseche ngakhale zolakwazo zili zoona. Screenshot imatinyenga pamenepa. Timadzitonthoza kuti, "Ine sindinawonjezere kanthu, ndangotumiza zimene analemba yekha." Koma miseche yokhala ndi chithunzi imapweteka kuposa yapakamwa, chifukwa wonenedwayo sangaikane, ndipo siitha mphamvu ngakhale papite zaka.

Tisathamangire kunena kuti kusunga kulikonse n'kulakwa. Taganizirani mdzukulu amene ali ku Johannesburg. Msuweni wake kumudzi waika pa status kanema wa agogo awo akusenda chimanga uku akuseka. Mdzukuluyo wasunga. Chaka chisanathe agogo amwalira, foni ya msuweni uja inabedwa, ndipo kanema amene anasungidwa ku Johannesburg ndi yekhayo wotsala wokhala ndi mawu a agogowo. Ndani angamudzudzule? Palinso zinthu zimene eni ake amafuna kuti zifalikire: uthenga wa maliro, chithunzi cha mwana wosowa, malonda a mnzathu wogulitsa kaunjika, chidziwitso cha msonkhano. Kusunga zotere n'kuthandiza.

Ndiye tisiyanitsa bwanji? Njira ilipo, ndipo tinaiphunzira tili ana. Tikafika pakhomo pa munthu timati "Odi!" ngakhale chitseko chili chotsegula, ndipo timadikira kuti atiyankhe. Buku lija la Kitáb-i-Aqdas limaletsanso kulowa m'nyumba ya munthu iye kulibe popanda chilolezo chake. Status ili ngati chitseko chotsegula: tingaone zili m'kati chifukwa mwini wake watilola, koma kunyamula kanthu kumafuna kupempha. Mawu ake ndi ochepa: "Achemwali, kanema wa agogoyu wandisangalatsa, munditumizireko." Ambiri amatumiza mokondwa, ndipo ubale umakula. Mdzukulu wa ku Johannesburg akanapempha, msuweni wake sakanakana. Koma mnzake wa mayi wolira uja sakanatha n'komwe kupempha, chifukwa akanati chiyani? Apa ndi poyesera pathu. Ngati tikuchita manyazi kumuuza mwini wake kuti tikufuna kusunga chithunzi chake, manyaziwo atiyankha kale.

Pali nthawi imodzi imene kupempha sikoyenera. Ngati wina akutumiza mauthenga oopseza, kapena munthu wamkulu akutumizira mwana zithunzi zolaula podalira kuti zifufutika, kusunga umboni wa zimene akuchitazo n'kuteteza wofooka. Wochita zoipa sangabisale kumbuyo kwa chinsinsi. Koma umboni uli ndi kopita kwake: kwa makolo, kwa aphunzitsi aakulu, kupolisi, kwa amene angathe kuthandiza. Tikauponya m'gulu la WhatsApp kuti anthu aone, tasiya chilungamo ndipo tayamba kusangalatsa anthu ndi tsoka la mnzathu, ndipo amene amavulala kwambiri ndi yemwe uja timati tikumuteteza.

Malamulo a dziko nawo sanakhale chete. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi cha moyo wake, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lokhudza milandu yochitika pa intaneti. Komabe lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Usiku uja, chala chili pabatani, palibe wapolisi, ndipo mwini chithunzi sadzalandira uthenga uliwonse. Kukhulupirika kumayesedwa pamalo otere, pamene tikudziwa kuti palibe amene atigwire. Mnzathu anatiika pamndandanda wa oona status yake chifukwa amatiyesa anthu ake. Chimene tichite ndi chithunzicho chisonyeza ngati anaganiza bwino.

Nafenso oika zithunzi tili ndi udindo. Popeza tadziwa kuti status siifufutika m'mafoni onse, tiganize kawiri tisanaike chinthu tili okwiya, ndipo makamaka tisanaike ana. Khanda limene tikulijambula likusamba silingatiuze kuti ayi, koma lidzakula n'kupeza chithunzicho chili m'manja mwa anthu. Komabe kusasamala kwa woika sikumasula wosunga. Munthu akaiwala kutseka chitseko, sizitanthauza kuti katundu wake wasanduka wa aliyense.

Tisanakumanenso sabata yamawa, aliyense apeze mphindi zochepa, atsegule foni yake ndi kuyang'ana zithunzi za anthu ena zimene anasunga. Pa chilichonse adzifunse ngati mwini wake akudziwa, ndiponso ngati angakondwe atadziwa. Zina tipempha chilolezo ngakhale mochedwa. Zina tifufuta.

Mafunso okambirana

1. Kodi pali kusiyana pakati pa kukumbukira chimene tinaona ndi kuchisunga m'foni? Kusiyanako n'kotani?

2. Wina watitumizira screenshot ya status ya mnzathu kuti tiseke. Tingamuyankhe bwanji popanda kumunyoza komanso popanda kutenga nawo mbali?

3. Kodi mwamuna kapena mkazi ali ndi ufulu wosunga chithunzi chimene mnzake wa m'banja anamutumizira kuti achione kamodzi kokha?

4. Tingawathandize bwanji achinyamata a m'dera lathu kuzolowera kupempha asanasunge?