Kodi Buku ndi la Yani?

Ndikaloŵa m'laibulale mtima wanga umakondwa, koma funso limodzi silindichoka: kodi buku ndi la amene analigula, kapena la amene akuliŵerenga?

Benedict Woyera, m'malamulo amene analembera amonke ake ku Italy m'zaka za m'ma 500, analamula kuti pa chiyambi cha Lenti aliyense alandire buku limodzi la m'laibulale ndi kuliŵerenga lonse mwandondomeko. Panalibe mmonke wokhala ndi buku lakelake. Pa nthaŵi ya chakudya mmodzi ankaŵerenga mokweza, ena onse ali chete. Patapita zaka zoposa 500, Lanfranc wa ku Canterbury anawonjezapo lamulo lakuti wobweza buku chaka chitatha koma asanalimalize, agwe chafufumimba ndi kupempha chikhululukiro pamaso pa anzake. Enafe, kunena zoona, tikadagwa chaka ndi chaka.

Ine ndiona kuti chilangocho chinali cholungama. Ulesi wa mmodziyo unalakwira gulu lonse, pakuti buku limene iye analigoneka chaka chathunthu likadadyetsa nzeru mnzake.

Nanga m'mabanja mwathu? Bambo atsekera mabuku m'bokosi poopa zala za ana, chiswe n'kumadya mwakachetechete. Mabuku otere ndiyesa asanduka a chiswe, si a bambonso ayi. Mwana abwera ndi buku lobwereka kusukulu, palibe womfunsa kuti likunena zotani. Chonsecho agogo ake, amene sanaponde m'kalasi, akadamvetsera nkhaniyo mwachidwi kuposa tonse, ndi kutsutsapo ndithu, akadapezeka woŵaŵerengera madzulo nsima itatha.