Galu Wodziwa Zimene Mwini Wake Sakudziwa

Nthano ya Achewa ya chilengedwe, imene imaika chiyambi cha zinthu pa Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, kumene maboma a Dedza ndi Lilongwe amachita malire ndi Mozambique, imanena kuti munthu atapeka moto n'kuyatsa tchire, nyama zambiri zinathawa ndi mkwiyo ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, koma galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu yemweyo amene anayambitsa tsokalo. Kuyambira pamenepo galu wakhala mlonda wa pakhomo ndi mnzake wa mlenje pauzimba, ngakhale kuti dzina lake ndi limene anthu amatukwanirana akayambana.

Funso limene nthanoyi sinafunse labwera ndi matenda a shuga. Munthu amene amabayidwa insulini, mankhwala othandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, nthawi zina shuga wake amatsika kupitirira 3.9 mmol/L, ndipo amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu mpaka kukomoka. Choopsa koposa n'chakuti ena amene adwala zaka zambiri samvanso zizindikirozi. Ku Britain, bungwe la Medical Detection Dogs, limene linakhazikitsidwa mu 2008, limaphunzitsa agalu kununkhiza kusintha kumeneku n'kuchenjeza wodwalayo pomugunda ndi mphuno kapena phazi. Akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge anapeza mu 2016 kuti shuga akatsika, mpweya umene munthu amatulutsa umakhala ndi isoprene wambiri, mtundu wa mpweya umene mphuno ya munthu siimva, ndipo kafukufuku wa ku Bristol wa mu 2019, pa agalu 27, anaonetsa kuti ankachenjeza pafupifupi maulendo 83 pa 100 alionse amene shuga anatsika.

Apa ndi pamene pagona vuto la nzeru: ngati kudziwa kuli kukhala ndi choonadi pamodzi ndi chifukwa chake, ndiye kuti galuyo sadziwa kanthu, pakuti sanamvepo za insulini, komanso wodwalayo, amene amadziwa zonse za matenda ake, panthawiyo sadziwa chimene chikuchitika m'thupi mwake momwe. Chidziwitsocho chili pakati pa awiriwo, wina ali ndi fungo lopanda tanthauzo ndipo wina ali ndi tanthauzo lopanda fungo, motero maganizo akuti munthu ndiye mwini yekha wa kuzindikira amayamba kugwedezeka. Buku la Numeri la m'Baibulo, mutu 22, linakhudzapo kale nkhani yotere pofotokoza bulu amene anaona mngelo panjira pamene Balamu, mlosi weniweniyo, sanamuone, ndipo anamenya buluyo katatu.

Maulendo 17 pa 100 aja amene agalu sanachenjeze nawonso ndi ofunika kuwakumbukira, chifukwa galu amatopa, amagona ndipo amalakwitsa. N'chifukwa chake wodwala akachenjezedwa amayamba wabaya chala n'kuyeza magazi pa kachipangizo koyezera shuga, kenako n'kumwa madzi a shuga, ndipo galuyo amapatsidwa kachakudya kake.