Mayeso a ku Chigwa

Chaka ndi chaka, mwezi wa Seputembala ukafika, kampani ya Apple ya ku America imaitana atolankhani ndi kuwaonetsa lamya ya m'manja yatsopano. Nkhaniyo imafika kuno tsiku lomwelo, ndipo ife ophunzira, amene ambiri ndalama ya sopo imativuta, timayamba kukangana ngati kamera ya chaka chino yaposadi ya chaka chatha. Si kawirikawiri kuona anthu akutuluka thukuta chifukwa cha katundu amene palibe mmodzi wa iwo adamukhudzapo. Komabe mkangano umenewu sindiupeputsa ayi, pakuti pansi pake pagona funso lalikulu: kodi chipangizo chabwino n'chotani, nanga woyenera kugamula zimenezi ndani?

Tiyambe taona zimene nkhani za zipangizo zimatiuza. M'chaka cha 2019 a Samsung adatulutsa lamya yopinda pakati ngati buku la nyimbo. M'chaka cha 2020 a Apple adaleka kuika tchaja ya pakhoma m'bokosi la lamya zawo, nati akuteteza chilengedwe. Kwathu munthu wogulitsa mtondo n'kubisa munsi sitimutcha wokonda mitengo. Kuli mawotchi owerenga mapazi amene munthu waponda, ndipo amamuyamikira akakwanitsa 10,000 pa tsiku. Wotchi yoteroyo atavala mayi wa ku Ngabu, amene m'mawa ali kumjigo, masana kudimba, madzulo kunkhuni, ndikhulupirira kuti ikhoza kupempha tchuthi Lachitatu lisanakwane. Kulinso mafiriji olumikizidwa ku intaneti, oti mwini wake aziona za m'kati mwake ali ku ntchito, ngati kuti ndiwo zimasamuka munthu akachokapo.

Nkhani zonsezi zili ndi phunziro limodzi lobisika, lakuti chimene uli nacho m'thumba chakalamba ndipo uyenera kuchita nacho manyazi. Wogamula ndi wogulitsa yemweyo: akonza mafunso yekha, ayankha yekha, nadzichongera yekha. Pano pa Yunivesite zotere saloleza. Aphunzitsi athu, kaya ali ndi madigiri angati, zimene achonga zimayamba zaonedwa ndi woyesa wochokera kunja. Tsono ine ndikuti zipangizo nazonso zipatsidwe woyesa wakunja, ndipo dzina limene ndikupereka ndi la kwathu, Chigwa cha Shire. Katundu aliyense wotamandidwa m'nyuzipepala atsike mapiri kuchokera ku Blantyre, adutse pa Thabwa, awoloke mlatho wa Kamuzu, akakhale chaka chathunthu pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko kuli akuluakulu atatu osalandira chiphuphu: a Dzuwa, a Mdima ndi a Madzi.

A Dzuwa sachulutsa mafunso. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nchalo kumapitirira madigiri 40, amene palibe mphunzitsi pano adawafikapo, pamene a Apple eni ake amalangiza kuti lamya zawo zizigwira ntchito pamalo posapitirira madigiri 35. Ikatenthedwa imalemba uthenga woti iyambe yazizira, kenaka n'kukomoka ngati mlendo wa ku Dedza. Mlimi wa thonje amene waigula ayenera tsono kuifunira mthunzi ndi kuikupiza, iye mwini ali padzuwa. Apa munthu amayamba kudabwa kuti bwana ndani, wantchito ndani.

A Mdima amafunsa za chakudya. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muno nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Lamya ya galasi lalikulu imafuna kudya tsiku ndi tsiku ngati mwana wakhanda, choncho mwini wake amapalasa njinga kupita kumsika, nalipira kuti aitchaje, nakhala pabenchi kuidikira ngati wodwazika matenda. Chodabwitsa n'chakuti malo opangira magetsi a Kapichira ali pamutu pa Chigwa chomwecho, ndipo mawaya ake amadutsa pamwamba pa nyumba zounikira tochi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Miyezi imeneyo ngakhale a m'tauni adalawako mayeso a kwathu.

A Madzi ndiwo ovuta kuposa onse. Opanga lamya zodula amanyadira kuti zawo zikhoza kukhala pansi pa madzi theka la ola osaonongeka. Mu Januwale 2015, pamene boma lidalengeza kuti maboma 15 ali pangozi, anthu a ku Makhanga ndi madera ena a ku Nsanje ndi Chikwawa adakhala m'mitengo ndi pazulu masiku angapo, akudikira bwato kapena helikopita. Madzi adabweranso ndi Idai mu Malichi 2019, ndi Ana mu 2022, ndiponso ndi Freddy mu Malichi 2023, amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Pa mayeso otere, theka la ola ndi nthawi yongolembera dzina papepala.

Wina asaganize kuti mayesowa ayamba lero. M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ma-Robert, imene masiku amenewo inali chipangizo chamakono chochokera ku Britain. Sitimayo inkadya nkhuni koopsa, inkayenda mwaulesi mpaka timabwato ta eni dziko tinkaipitirira, ndipo a m'katimo adayamba kuitcha dzina la munthu wodwala mphumu. Itafika pa mathithi a Kapichira idabwerera. Patapita zaka 151, mu Okutobala 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegulira doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia, koma sitima imene anthu ankaiyembekeza idagwidwa ku Mozambique, ndipo zaka zidapita dokolo lili duu. Zikuoneka kuti maiko nawonso amagula katundu chifukwa cha chithunzi cha pabokosi. Pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga okhoza mayeso ndani? Maina awo sangalembedwe patsamba loyamba la nyuzipepala. Pali kalamya ka mabatani, kokhala ndi tochi ndi wailesi, kamene batire lake limatha masiku angapo lisanapemphe chakudya. Pali njinga yakapalasa, imene imanyamula wodwala, mbuzi ndi matumba a thonje, ndipo ikathyoka amaikonza pansi pa mtengo. Pali kasola ka padenga, kamene kadachenjera n'kupalana ubwenzi ndi a Dzuwa. Pali bwato, limene palibe adamvapo kuti kwatuluka la chaka chino. Ndipo pali mtengo wopaka utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira umene amauzika m'mbali mwa mitsinje ina: madzi akafika pofiira, woyang'anira amaimbira lamya anzake a kumunsi, iwo naliza wenzulo kapena kufuula pa chimkuzamawu kuti anthu athawire kumtunda. Mtengowo ulibe kamera ngakhale imodzi, koma anthu a m'mbali mwa mtsinje amauyang'ana kuposa kanema.

Ndikudziwa kuti pa msonkhano wathu wa alembi wina adzaimika dzanja nati, mnzathuyu akufuna kuti amphawi akhutire ndi zaumphawi, zabwino zikhale za a ku Blantyre. Mlandu umenewu ndi wolemera ndipo sindiuthawa. Kusirira pakokha si tchimo. Agogo athu adasirira wailesi za Nzeru zopangidwa ku Blantyre, nagulitsa thonje kuti azigule, ndipo adachita bwino. Msodzi wa ku Chiromo ali ndi ufulu wofuna kamera yabwino monga momwe aifunira mwana wa nduna. Ndiponso zatsopano zina zidakhoza mayeso athu: Airtel Money, imene idayamba mu 2012, ndi Mpamba, imene idatsatira mu 2013, zimathandiza wodula nzimbe ku Nchalo kutumiza ndalama kwa amake osakwera basi. Chimene ndikukana ine n'chakuti munthu wa ku California, amene sadalumidwepo ndi udzudzu wa ku Elephant Marsh, azitiuza chimene tikusowa, ife n'kumachita manyazi ndi chimene chikutipulumutsa.

Koma pali mayeso achinayi, ndipo awa wolemba wake ndi mwini chipangizo. Wailesi ya Nzeru inkamveka mudzi wonse, mwini wake afune asafune. Lamya ya lero amaikiya ndi nambala yachinsinsi, ndi chala, ngakhale ndi nkhope, kotero kuti imakana ndi mkazi yemwe wa mwini wake. Tsono taganizirani anthu 20 ali pachulu, madzi mbali zonse, lamya yamoto ili imodzi ndipo batire latsala pang'ono. Mwini wake akudikira kumva za ana ake amene ali kutsidya. Mayi wina akupempha kuti aimbire mlongo wake amene ali ndi bwato. Kodi bamboyo akakana, walakwa? Lamya adagula yekha, mayunitsi adagula yekha, ndipo nkhawa yake si yabodza.

Ine ndikuti walakwa, ngakhale kuti kulakwa kwake n'komveka ndipo sindingamuponye mwala. Chifukwa changa n'chakuti lamya ndi katundu wosiyana ndi malaya. Malaya amafunditsa mwini wake ngakhale atatsala yekha padziko. Lamya ya munthu wotsala yekha ndi mwala wonyezimira chabe. Phindu lake lonse lili mwa anthu ena amene amayankha. Chenjezo limene lidamufikitsa pachulupo lidachokera kwa munthu wa kumtunda amene adatha mayunitsi ake chifukwa cha anthu osawadziwa, ndipo ana ake kutsidyako, ngati amveka, adzamveka pa lamya yobwereka kwa mwini wina. Choncho bamboyo ali kale ndi ngongole, ndipo akabwereketsa lamya yake akungobweza. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Mwambiwu ankanena za nkhokwe ya mapira, komatu batire nalonso ndi nkhokwe, ndipo limene lathera m'thumba la munthu mmodzi anzake akumira silisiyana ndi mapira ofumbwa m'chaka cha njala.

Ife amene tili pano, ena tidzakhala mainjiniya, ena tidzakhala ogula katundu wa boma, ena tidzalemba nkhani za zipangizo m'nyuzipepala. Tikadzafika pamenepo tisadzangokopera zonena za ogulitsa ngati ana a sukulu okopera pabolodi. Tidzafunse ngati chinthucho chingapirire a Dzuwa, ngati chingadikire a Mdima, ngati chingapulumuke kwa a Madzi, ndi kuti tsiku latsoka chidzatumikira anthu angati. Chimene chakhoza tichigule ndi mtima woyera, chinyezimire kapena chisanyezimire. Chimene chalephera tichiperekeze mpaka pa Thabwa ndi kalata yaulemu yonena kuti chidzayesenso chaka chamawa, poti chaka chamawa, monga tonse tikudziwa, kudzatuluka china.