Kutchula dzina la wobera pa sikelo: miseche kapena umboni?

Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku chomera pa mbewu zosasungidwa bwino. Ufa wa m'zigayo zina unapezekanso ndi poizoniyo. M'makomboni a Lusaka monga Kanyama, Chawama ndi Mtendere funso linali limodzi: ufa wake uti? Mayina a makampani anatuluka pambuyo pake, anthu atadandaula kale kwambiri.

Kwa mayi wogula pamela, ngakhale mayinawo sanathandize kwenikweni. Pamela ndi ufa wotapidwa m'thumba la makilogalamu 25 n'kumangidwa m'kapulasitiki kopanda dzina, kopanda deti. Amene amadziwa thumba limene unachokera ndi mwini kantemba yekha. Ndipo mwini kantembayo ndi mnansi, mwina woimba naye kwaya, amene amakongoza mafuta ophikira mwezi ukafika pakati ndiponso amasonkha nawo pamaliro.

Apa m'pamene nkhani ya ogula imasanduka nkhani ya chikhulupiriro. Zambia inalengezedwa ndi pulezidenti Frederick Chiluba kukhala dziko lachikhristu mu Disembala 1991, ndipo m'makomboni ulaliki wotsutsa miseche sumasowa. Munthu akaona kuti meda yoyezera chimanga yatifulidwa kunsi kuti izidzadza msanga, kapena kuti deti la pa botolo lafufutidwa ndi chala, anzake amamuuza kuti, "Zisiyeni, amake mwana, Mulungu ndiye adzaweruza." Kodi wokachenjeza ena, wotchula dzina la sitolo poyera, wachimwa?

Malemba amene amagwiritsidwa ntchito potseka anthu pakamwa sanena zimenezo. Vesi la Levitiko 19:16 limaletsa kuyendayenda ndi miseche, koma vesi lomwelo limaletsanso kungoima chilili moyo wa mnzako uli pangozi. Kumapeto kwa mutu womwewo kuli lamulo la sikelo ndi miyeso yolungama. Mneneri Amosi, m'mutu 8, sanawanong'oneze amalonda ochepetsa muyeso ndi ogulitsa zinyalala za tirigu, anawadzudzula pabwalo. Ngakhale njira ya pa Mateyu 18, imene imayamba ndi kukambirana awiri mseri, imapitirira kwa mboni ndipo imathera pamaso pa mpingo wonse. Ambiri amaikonda mbali yoyambayo, yotsalayo n'kuiiwala.

Zipembedzo zina zinalimbana nalo funsoli mozama. Katswiri wa Chisilamu al-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anatchula zifukwa zisanu ndi chimodzi zololeza kunena zoipa za munthu iye palibe, ndipo pakati pa izo pali kukadandaula kwa woweruza ndi kuchenjeza anthu. Rabi Israel Meir Kagan, m'buku lake Chofetz Chaim la mu 1873, anaika malire othina: wonenayo akhale wotsimikiza za nkhaniyo, ayambe wayesa kulankhula ndi wolakwayo, asakokomeze, ndipo cholinga chake chikhale kuthandiza, osati kubwezera. Malire amenewa ndi ovuta kuwasunga kuposa kukhala chete, komanso kuposa kulalata.

Za kukhululuka, pali chinthu chimene alaliki ambiri amachilumpha. Munthu akaberedwa K20 pa sikelo ya nyama, ndalamayo ndi yake, angathe kuikhululukira. Koma sikeloyo mawa idzaberanso gogo wolera ana amasiye, ndipo K20 ya gogoyo si ya munthu woyamba uja kuti aikhululukire. Kukhala chete kotereku kumaoneka ngati chifundo, pamene mtengo wake akulipira ndi wina amene sanafunsidwe.

Lamulo la dziko lilipo. Competition and Consumer Protection Act ya 2010 inakhazikitsa bungwe loteteza ogula la CCPC, ndipo gawo 48 limaletsa zikwangwani zokana kubweza ndalama kapena kulandiranso katundu, zomwe zimapezekabe m'masitolo ena a mafoni ndi mawailesi. Zoyezera malonda zimayang'aniridwa ndi Zambia Metrology Agency. Koma nkhani zambiri zimayenda pokhapokha wina atayamba kudandaula, ndipo amafunsidwa umboni wa zimene anagula. Pa kantemba lisiti ndi chinthu chachilendo. Choncho zambiri zimathera m'minibasi ndi pampopi, kumene nkhani imakula pa kamwa lililonse.

Ndipo makomboni a Lusaka akudziwa bwino kumene nkhani yopanda mwini imafikitsa. Mu Epulo 2016, anthu angapo ataphedwa mwankhanza m'dera la George ndi Matero, kunamveka mphekesera yoti ziwalo za anthu zapezeka m'sitolo ya munthu wochokera ku Rwanda. Masitolo oposa 60 anathyoledwa, anthu awiri anawotchedwa ku Kanyama, ndipo mazana a othawa kwawo anakabisala ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius. Amene amaopa miseche sakuopa chabe. Dzina la wamalonda wamng'ono, makamaka mlendo, limatchulika mosavuta. La kampani yaikulu yokhala ndi maloya limadikira msonkhano wa atolankhani.

Kusiyana kwa mphekesera ya 2016 ndi dandaulo lolungama sikuli pa kutchula dzina la wogulitsa. Kuli pa dzina la wonenayo. Mphekesera imayamba ndi "akuti", ndipo ikafufuzidwa aliyense amaloza mnzake. Mboni imanena tsiku, malo, chimene inagula, chimene inapeza itakayezetsa kwina, ndi zimene wogulitsa anayankha, n'kusiya mpata woti ogula ena aonjezepo kapena aitsutse. Deuteronomo 19:15 safuna kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi, komabe yachiwiri singabwere yoyamba isanaime. Ku Kalingalinga kapena ku Chawama, woyambayo amadziwiratu kuti mwezi wamawa pa kantemba paja sadzamukongozanso shuga, ndiponso kuti Lamulungu adzakhala benchi limodzi ndi mkazi wa mwini wake.