Bodza lodziulula lokha

Tiyerekeze kuti mlembi wina watulutsa buku la achinyamata. M'bukumo, mtsikana wa ku Senga Bay waba bwato la bambo ake usiku, walondola nyali za asodzi a usipa, ndipo kuseri kwa chilumba cha Namalenje wapeza khomo la mudzi wa pansi pa nyanja, kumene ng'ona zimazenga milandu. Kodi munthu wamaganizo ake angaime pagulu n'kuuza makolo kuti, "Agulireni ana anu buku ili"?

Ambiri akana. Ena ati limeneli ndi bodza, ndipo bodza ndi tchimo. Ena, amene ine ndimawamvetsa kwambiri, ati kuno si kwawo kwa Harry Potter, kumene mwana amawerenga za kuuluka pa tsache kenaka n'kugona tulo take. Kwathu kuno nkhani ya kuuluka pa lichero imaphetsa munthu. Mu 2016 ku Neno anthu adapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idatayitsa miyoyo ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Lamulo la mu 1911 loletsa kunenera munthu ufiti silidawapulumutse.

Koma tamvetserani mmene nkhanizi zimayambira. Agogo akati "Padangokhala," ife n'kuti "Tili tonse," ndiye kuti tapangana: kalulu alankhula, njovu ipusitsidwa, ndipo palibe amene adzuke m'mawa ndi chibonga kukasaka wolakwa. Mphekesera ilibe pangano lotere. Imayamba ndi "ndamva kuti," imalumbira, kenaka imatchula dzina la munthu ndi pamene pali nyumba yake.

Ine ndiona ngati mwana wozolowera bodza lodziulula ndiye amamva msanga fungo la bodza lolumbira. Wadziwa kuti nkhani imachita kupekedwa, ndipo wayamba kufunsa kuti waipeka ndani, akufuna chiyani. Alembi athu adayamba kale kuyenda njira imeneyi. Malemu Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka chogumula mapiri chija, n'kumuika m'ndakatulo. Shadreck Chikoti adapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013 ndi Azotus the Kingdom, buku lotitengera ku Africa ya zaka 500 zikubwerazo, lomwe lidatuluka mu 2015.

Komabe sindingavomere buku lililonse. Ngati woipa wa m'nkhanimo ndi nkhalamba yofiira maso yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, mlembiyo wanola nkhwangwa, pakuti mwana wa ku Senga Bay ali nayo nkhalamba yotero pafupi ndi kwawo, maso adafiira ndi utsi wowamba nsomba. Nayenso wotsatsa malonda akanena pa wailesi kuti "izitu n'zochitikadi" pofuna kuti buku liyende, waswa pangano la agogo lija chifukwa cha ndalama.

Chondiwawa china n'chakuti mabuku ambiri otere ali m'Chingerezi, ndipo amagulitsidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mnyamata wogulitsa ziboliboli kwa alendo pamchenga paja amalota m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mphekesera imamupeza m'chinenero chakecho, ulere, asanadye n'kadzutsa yemwe.