Kukula mu Uzimu Sikugulidwa ndi Ndalama



Poyendera odwala ndi ofedwa ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, takhala tikuona zinthu zotidetsa nkhawa m'nyumba za akhristu anzathu. Kunsi kwa pilo kuli kabotolo ka mafuta ogula, pakhomo pawazidwa mchere, pakona pali kandulo yofiira yoti iziyatsidwa pakati pa usiku kwa masiku 7. Tikafunsa, amatiyankha kuti, "Amayi, ndikufuna kukwera mu uzimu." Ena anauzidwa kuti pali magawo: ukalipira gawo loyamba maso amatseguka, ukafika lachiwiri umayamba kulamula mizimu. Ana athu nawonso akulandira mauthenga otere pa foni.

Tisawanyoze anzathuwa. Njala yofuna Mulungu ndi yabwino, ndipo ambiri a iwo ndi anthu otopa ndi matenda, ulova ndi mavuto a m'banja. Koma tiyenera kuuzana zoona za njira imeneyi.

Maganizo oti munthu angakwere mu uzimu potsata miyambo yachinsinsi sanayambe lero, ndiponso si a kuno kokha. Mu 1888 ku London kunayamba gulu lotchedwa Golden Dawn. Anthu ake ankavala mikanjo, kujambula zizindikiro, kutchula mayina a angelo ndi kukwera magawo mmodzimmodzi. Pasanathe zaka 20 gululo linagawikana chifukwa cholimbirana udindo. Kale kwambiri ku Samariya kunali Simoni wamatsenga, amene timamuwerenga pa Machitidwe a Atumwi 8. Iyeyu anabatizidwa ndithu, koma ataona Petro ndi Yohane akusanjika manja pa anthu, anatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petro anamudzudzula kolimba chifukwa mtima wake sunali wolungama. Pa mutu 19 timamva za anthu a ku Efeso amene atatembenuka mtima anatentha mabuku awo amatsenga, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino sitingaiwale chaka cha 1995. Anthu miyandamiyanda, akhristu ali momwemo, anakwera mabasi ndi malole kupita ku Machinga kukamwa mchape kwa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati anaonetsedwa kutulo mankhwala a Edzi. Ambiri anabwerako ndi chiyembekezo, koma kachilombo kanali m'thupi mwawo chikhalire, ndipo tinawalandiranso m'mawodi. Kuyambira mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo anthu ochuluka apulumuka nawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amawasiya atauzidwa kuti kumwa mankhwala ndi chizindikiro chakuti ukadali pa gawo lotsika. Munthu akasiya ma ARV kachilombo kamachulukanso, ndipo nthawi zina mankhwala amene ankamwa aja sagwiranso ntchito. Chimodzimodzi odwala shuga ndi BP. Mphini zotemera ndi lezala limodzi nazo zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anatifunsa pa msonkhano kuti, "Nanga ife a Anglican sitiyatsa makandulo? Sitifukiza lubani? Ansembe athu sadzoza odwala mafuta?" Funsoli ndi labwino ndipo likutikhudza tonse. Zinthu zimenezi tili nazodi, ndipo kalata ya Yakobo mutu 5 imalangiza akulu a mpingo kupempherera wodwala ndi kumudzoza mafuta. Kusiyana kwake kuli apa. Matsenga amati ukachita mwambo molondola, mphamvu iyenera kukumvera. Pemphero limapempha ndi kusiya yankho m'manja mwa Mulungu, monga anachitira Ambuye Yesu ku Getsemane. Choncho ifenso tikhoza kusandutsa zopatulika kukhala chithumwa. Mayi amene amavala mtanda kuti mfiti zimuope, koma sayankhulana ndi apongozi ake, sakusiyana kwenikweni ndi uja wa kandulo yofiira.

Tikakumana ndi mwambo uliwonse wolonjeza kutikweza mu uzimu, tiyeni tiufunse mafunso atatu. Loyamba, kodi akutilipiritsa? Ubatizo ndi Mgonero Woyera zimaperekedwa chimodzimodzi kwa mayi wogulitsa matemba mu msika wa Ndirande ndi kwa bwana wa ku Namiwawa. Lachiwiri, kodi akutiuza kuti tibise? Chimene sitingathe kuuza amuna athu, ansembe kapena adokotala, tichiope. Lachitatu, chikubala zipatso zanji? Paulo Woyera pa Agalatiya 5 anaika nyanga pakati pa ntchito za thupi, ndipo potchula zipatso za Mzimu anayamba ndi chikondi n'kutsiriza ndi kudziletsa. Palibe chipatso chokhwima m'masiku 7.

Mary Sumner poyambitsa Mothers' Union mu 1876 anasonkhanitsa amayi a m'parishi yake kuti azilimbikitsana kulera ana m'chikhristu. Njira yathu ikadali yomweyo: kuwerenga Mawu tsiku ndi tsiku, kupemphera ndi ana tisanagone, kulapa, kuyandikira ku Gome la Ambuye, kusambitsa wodwala ndi kuphikira wamasiye. Ndi njira yochedwa, koma yakulitsa amayi ambiri amene tikuwadziwa.

Pempho lathu ndi ili. Mwezi uno nthambi iliyonse ikambirane nkhaniyi. Mukapeza mlongo ali ndi kabotolo kaja musamuchititse manyazi pagulu. Khalani naye pansi, mumve chimene chikumuwawa, mupemphere naye, ndipo ngati anasiya mankhwala mumuperekeze kuchipatala mawa lomwe.

Ambuye atiphunzitse kudikira pa Iye, ndipo atikulitse m'chisomo chake. Amen.