Kodi Ukwati Umathetsa Ubwenzi?

Pamene mnyamata wa ku Embangweni kapena ku Edingeni ali pafupi kulowa m'banja, ng'ombe za malobolo zitaperekedwa kale, ndipo anzake amene ankagona naye pamphala achokera kutali, ena ku Mzuzu, ena ku Joni kumene ana a Mzimba akhala akupita chiyambire masiku a migodi, kudzacheza naye Loweruka ndi Lamulungu pa Boma, pamabuka funso loyenera kulisinkhasinkha: kodi adzera kudzatsazikana naye, kapena kudzamperekeza?

Malembo amalamula mwamuna kusiya atate ndi amake, koma salamula paliponse kuti ataye abwenzi; ndipo Yohane Mbatizi, pofuna kufotokoza chimwemwe chake pa Ambuye, anadziyesa bwenzi la mkwati. Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa nawonso anadziwa kuti mwamuna amakhwimira nzeru pasangweni, pakati pa amuna anzake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chifukwa chake bwenzi limene ladzera mowa wokha, ndi kukokera mkwati ku zimene zingaliritse mkwatibwi, lampereka mnzakeyo. Koma limene ladza ndi malangizo, ndi mtima wodzaima naye pa matenda, pa njala ndi pa maliro, lalimbitsa banjalo lisanayambe n'komwe.